Msilikali wa Mutu wa Chiwala

M'chipinda chathu cha ku Al Muntazah, mumzinda wa Doha, tinkagona anthu anayi, Amalawi okhaokha. Atatu tinali alonda m'nyumba zazitali za ku West Bay. Wachinayi anali dalaivala, munthu wa imvi kundevu, amene tonse tinkangowaitana kuti madala.

Madala anali ndi kanthu kamene ankakabisa pansi pa matiresi, atakakulunga m'chitenje chakutha. Ine ndinali nditakaonapo kangapo, poti bedi langa linali pamwamba pa lawo, ndipo munthu wosalankhulalankhula anthu amaiwala kuti alipo. Kanali kachidole kakale ka pulasitiki, kotalika ngati chikhatho: thupi la munthu wovala zankhondo, mutu wa chiwala, mkondo m'manja, mapiko kumsana. Phiko limodzi linali lothyoka, ndipo madala ankalimata ndi guluu akaganiza kuti ali okha.

Nyengo yotentha itafika, mnzathu wina anamusamutsa kuchoka mkati mozizira n'kumuika pageti, padzuwa. Posakhalitsa anatuluka zithupsa m'khwapa. Lachisanu lina masana, tonse tili pa ofu, ankafunafuna chaja chake ndipo anatukula matiresi a madala. Atamasula chitenjecho analumphira kukhomo.

"Aise, tabwerani muone zimene tikugona nazo muno!" Kenako anatembenukira kwa eniake. "Madala, munthu wamkulu ngati inu, ichi n'chiyani? Zithupsa zangazi zachokera kuti?"

"N'chidole," anatero madala chapansipansi.

"Chidole chofunda chitenje? Khalasi, zatha basi, madala. Mupeze kwina kogona, apo ayi Amalawi onse a muno mu Doha amva."

Mawu amenewo anali olemera. Tilipo ochepa kuno, ndipo mbiri yoti wakuti ngwokhwima ikangomveka, palibe angakupatse bedi kapena kukuitana kumaliro. Madala anangoti zyoli, manja ali pamaondo.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono, ndipo anandilera ndi agogo. Kumjigo ankanong'onezana kuti agogowo ndi amene anadya ana awo. Ndimakumbukira momwe azimayi ankasunthira ndowa zawo tikafika, ife n'kutunga madzi mwakachetechete ngati sitinaone. Nditayang'ana madala, ndinatsika pabedi.

Ndinatola kachidoleko. Wa zithupsa uja anakuwa kuti ndisakakhudze. Kumsana kwake kunali kabatani kamene ndinkaona madala akukadina. Nditadina, phiko labwino lija linakupiza, nsagwada n'kuchita khwa, khwa.

Mlonda wachitatu anaphulika nako kuseka. "Chithumwa cha batani, aise? Sing'anga wake ngwa kufakitale ameneyu!"

Apo m'pamene madala analankhula. Bwana amene ankamuyendetsa, ku Al Nasr, anali ndi kabati ya galasi yodzaza ndi tiasilikali totere, ta mitu ya mavu, nyerere ndi akangaude, timene anayamba kusunga ali mwana. Aka anafuna kukataya chifukwa cha phiko.

"Ndinati ndikakonze ndikamupatse mnyamata wanga kumudzi," anatero.

"Nanga osatumiza bwanji?" anafunsa wa zithupsa, mawu atatsika pang'ono.

"Ndinamusiya ali sitandade wani. Panopa wamera ndevu, akufuna foni." Madala anaseka pang'ono, osatiyang'ana. "Ndikakagwira kameneka ndimaiwala kuti anakula. Ndiye ndikanakuuzani bwanji, kuti nkhalamba ikusewera ndi chidole?"

Wa zithupsa sanapepese. Anakanda m'khwapa mwake, n'kunena kuti, "Khalani, koma chinthu chanucho chizigona poyera."

Madala anakaimika pamwamba pa firiji, ndipo anakhala nafe mpaka kontirakiti yawo itatha. Kwa masabata angapo mnzathu uja ankakana ndiwo zimene madala aphika, ati m'mimba simuli bwino. Tsiku lina anaweruka wanjala, n'kupeza madala atakazinga nkhuku. Anaima kanthawi pafupi ndi mphika, kenako anatenga mbale.

"Madala, mundiikire chiwalo chachikulucho."