Zaka zimene sanazifike

Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa chipatala chaching'ono kufupi ndi Mfuwe. Wodwala akabwera koyamba ndimalowetsa dzina lake ndi tsiku lobadwa mu kompyuta, ndipo mwezi ukatha ndimatulutsa lipoti la odwala atsopano, ogawidwa m'magulu potengera zaka zawo. Mayina saoneka, manambala okha.

Mkazi wanga ndinamudziwira pa tebulo lomwelo. Ankachapa zovala pa loji ina ya alendo odzaona nyama, ndipo anabwera ndi malungo mvula ili mkati. Nditamufunsa tsiku lobadwa anaseka.

"Mukufuna kudzandigulira keke, a kalaliki?"

Analowa m'gulu la zaka 20 mpaka 24. Anamwalira chaka chatha pobereka, ku Chipata, asanatuluke m'gulumo. Mwana anapita naye limodzi. Poti sanamwalirire kuno, kompyuta yathu sinadziwe kanthu, ndipo woyenera kulembamo anali ine. Sindinalembe.

Pulogalamu yathu imawerengera zaka za munthu potengera tsiku limene ukutulutsa lipoti. Ukatulutsanso la mwezi wakale, umapeza anthu akula. Okhawo amene analembedwa kuti anamwalira ndiwo amaima pomwe anasiyira. Tsiku lobadwa la mkazi wanga litakwana ndinatulutsa lipoti la mwezi umene tinakumana. Anali atasamukira m'gulu lotsatira, ngati wina aliyense. Pepalalo ndinalipinda n'kuliika m'thumba la shati.

Kenako a ku ofesi ya boma anapempha malipoti akale. A Sista, amene amayang'anira chipatala chathu, analowa atanyamula mapepala awiri a mwezi umodzi, lakale ndi latsopano.

"Mwaswera bwanji, mwana wanga? Makina akowa ayamba kachasu? Mwezi womwewo, koma anthu akudumpha magulu ngati nswala."

Ndinawafotokozera.

"Chabwino, amoyo akule," anatero. "Koma amene tikudziwa kuti anatisiya uwalembe lisanapite lipotili. Tisamakulitse anthu ali m'manda."

Pa maliro a mkazi wanga analipo, ndiwo anatsogolera nyimbo. Anakoka mpando wa odwala n'kukhala pambali panga.

"Ndilembe ine?"

"Ayi, a Sista. Ndilemba ndekha."

Ndinayamba ndi ena: mlimi wa ku Jumbe amene anapondedwa ndi njovu m'munda, agogo awiri, kamwana ka chibayo. Panja amayi a sikelo ankaitanana. Kenako ndinatsegula dzina la mkazi wanga. Nambala ya foni inali yomweyo, ndipo pamalo a wachibale panali dzina langa. Tsiku limene anamwalira sindinachite kulifufuza paliponse.

Ndinatulutsanso lipoti. Gulu la 25 kupita m'tsogolo linachepa ndi mmodzi, la 20 mpaka 24 linaonjezekera ndi mmodzi. A Sista anasaina, nanyamula mapepala awo, natseka chitseko pang'onopang'ono.

Pamzere panali mayi wachilendo atabereka mwana kumbuyo. Ndinamuitana, n'kumufunsa tsiku lobadwa.