Dzina la Mwana wa Mayi Tiruwork

Mayi Tiruwork anali munthu wa mbuzi. Amuna awo anamwalira iwo ali ndi mwana kumsana, n'kuwasiyira khola ndi kamtsikanako basi. Ine ndinakwatiwa pakhomo loyandikana ndi lawo kuno ku mapiri a Gojamu, choncho zimene ndikunenazi si za m'maluwa. Tinkapera tefu, timbewu tathu tating'onoting'ono, pa mphero imodzi, tinkabwerekana chiwaya chophikira injera, buledi wopyapyala wa ufa wa tefuyo, ndipo tinkakangana kawirikawiri chifukwa mbuzi zawozo zinalibe mwambo.

Tchalitchi chathu cha Maria chili ndi buku la zozizwitsa zake, lakale kuposa mikungudza ya kumpanda. Masamba ake ndi a zikopa, zikuto zake ndi matabwa awiri osokedwa ndi mitsempha ya ng'ombe. Mkati muli zithunzi: Maria wa maso aakulu wophimbidwa ndi kansalu kofiira, angelo ogwira malupanga, ndi mizere ya utoto yolukana ngati mkeka. Chozizwitsa chilichonse chimatha ndi pemphero lakuti madalitso a Namwaliyo akhale ndi mtumiki wake uje. Pamalo pa ujepo pamakhala dzina la wopereka, la inki yofiira, ndipo wowerenga akalitchula anthu onse amavomera kuti amen.

Chaka chimene mwana wa Mayi Tiruwork anamwalira pobereka, makoswe anadya masamba akumapeto a bukulo. Wansembe wathu, Abba Hailu, analengeza kuti pakufunika zikopa. Anthu tinangoyang'ana pansi. Mayi Tiruwork, chisoni chikadali pamaso, anapita kukagwada.

"Bambo, tengani mbuzi zanga. Ndingotsala ndi mkota umodzi. Koma pamasamba atsopanowo mulembe dzina la ubatizo la mwana wanga, Welete Rufael. Sanasiye mwana woti azimutchula."

Abba Hailu anavomera, anthu tikumva. Nyama inathera m'mimba mwa atumiki a tchalitchi, mayiwo osadandaula. Mlembi wokalamba wa kutsidya anakunga zikopazo pamitengo, nazipala, nazikwecha ndi mwala mpaka zinayera mbee. Analemba ndi bango, mawu ndi inki ya mwaye, dzina ndi yofiira. Mayi Tiruwork sankadziwa kuwerenga, koma dzinalo ankalidziwa pomwe lili. Pa chikondwerero chilichonse cha Maria ankaima mbali ya amayi, atatsamira ndodo, kudikira kuti mwana wawo atchulidwe. Akamva, ankabwerera kwawo nkhope ili gwa, kukadya injera yopanda ndiwo.

Patapita zaka kunabwera Ato Belachew, mwana wa konkuno amene analemera ndi malole kutauni. Anachotsa udzu padenga la tchalitchi n'kukhoma malata. Sindikukana, denga linkadontha. Koma pa chikondwerero chotsatira, wowerenga atafika pa pemphero lija, tinamva: "akhale ndi mtumiki wake Gebre Kidan." Limenelo ndi dzina la ubatizo la Belachew. Mlembi uja anali atamwalira, ndiye Abba Hailu anatenga lumo yekha n'kupala dzina la mtsikanayo tsamba ndi tsamba. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira.

Mapemphero atatha, Mayi Tiruwork anatsekera Abba Hailu njira pachipata.

"Bambo, mwana wanga mwamuika kuti?"

"Mayi, musakweze mawu pabwalo la tchalitchi. Kupala dzina si tchimo, ndi mwambo. M'masamba akalewo muli mayina ambiri opalidwa. Wina amapereka, wina n'kudzaperekanso."

"Ndiye mukanalemba pa malata pakepo. Mwalemberanji pamsana pa mbuzi zanga?"

"Mulungu amalidziwa dzina la mwana wanu, ngakhale lisalembedwe."

"Nanga la Belachew analiiwala?"

Ena anaseka n'kubisa pakamwa ndi nsalu. Ato Belachew, amene anaima pambali atavala jekete, anati, "Amayi anga, musalire, ndikugulirani mbuzi zina zonenepa."

"Mwana wanga, ndinakuona ukuyenda wopanda kabudula, mamina ali chuchuchu. Mbuzi zakozo ukadye ndi malole ako."

Mayi Tiruwork anapita kwa akuluakulu a mpingo, koma onse anali atakhala kale pamthunzi wa malata. Wina anati nkhani ya buku si ya amayi. Wina anati apirire. Zoti lonjezo linaperekedwa pamaso pathu, aliyense anachita ngati tsikulo anali kumunda. Munthu wosauka mlandu wake umazizira msanga.

Mayi Tiruwork sanasiye tchalitchi. Pa chikondwerero chotsatira anaima pamalo pawo pomwe paja. Wowerenga atangoti "ndi mtumiki wake," iwo anakweza mawu, osalira, osanjenjemera: "Welete Rufael." Dzina la Belachew linamira m'mawu awowo, ndipo amen wathu anagwera pa mtsikanayo. Abba Hailu anawadzudzula, anawaletsa mgonero, anawatumizira nthumwi. Iwo ankangoyankha kuti, "Pakamwa panga si chikopa choti mupale." Anthu anayamba kunena kuti mutu wawo wasokonekera. Mutu wosokonekera unali wa amene anagwira lumo.

Anachita zimenezi mpaka msana unapindika, mawu n'kusasa. Owerenga anasinthana, Abba Hailu anakalamba, malata anachita dzimbiri n'kuyamba kudontha. Belachew sanabwerenso kudzamva dzina lake. Owerenga atsopano anazolowera: akafika pamalopo ankapuma pang'ono, gogoyo anene zake, kenako n'kupitiriza.

Mayi Tiruwork tinawaika m'manda nyengo yokolola tefu. Pa chikondwerero chotsatira buku linatuluka m'chikwama chake chachikopa, kansalu kofiira kanavundukulidwa, ndipo wowerenga anafika pa masamba a mbuzi zija. Anati, "Madalitso ake akhale ndi mtumiki wake," n'kupuma monga mwa chizolowezi. Tchalitchi chonse chinakhala chete, amuna kuyang'ana kumbali ya amayi, amayi kuyang'ana pomwe pankatsamira ndodo paja. Anthu odzaza nyumba, aliyense akulidziwa dzinalo, aliyense kudikira mnzake.

Wowerenga anatsokomola, nati, "Gebre Kidan." Ndipo anthu anavomera amen.