Mphira Imene Adadi Anamanga pa Giza

Fulati yathu ya ku Al Mirqab inkanunkhira mafuta a tsitsi ndi lubani wa aneba. Lubaniyo ankalowera pansi pa chitseko madzulo aliwonse, n'kudzasakanikirana ndi fungo la mafuta amene amayi ankapaka m'mitu ya makasitomala awo. Ine, Tadala, ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Adadi ankayang'anira madalaivala pa hotela ina, ndipo anali mmodzi mwa Amalawi ochepa amene anali ndi mwayi wokhala ndi banja ku Doha. Lachisanu lililonse azimayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Al Hilal ankadzaza pabalaza pathu kudzalukitsa tsitsi. Zala za amayi zinkathamanga moti maso anga ankatsalira m'mbuyo, ndipo pakamwa pawo sipankapuma.

Kumeneko nthawi yotentha madzi a pampopi amawotcha okha, chifukwa thanki imakhala padenga, padzuwa. Choncho giza, chotenthetsera madzi chija, inkakhala yozimitsa miyezi yambiri. Yathu inali yatsopano, yoyera mbee, yopachikidwa pamwamba m'bafa. Adadi anagula okha atatopa n'kudikira mwini nyumba. Kamphepo kozizira katayamba mu Disembala anaiyatsa, ndipo pasanathe sabata kapaipi kakang'ono ka m'mbali mwake kanayamba kudontha. Amayi anatchera ndowa, ndowa inkadzaza. Anaterereka kawiri pa matailosi. Adadi akaimbira a kusitolo, yankho linali limodzimodzi: "Bukra, inshallah," kutanthauza kuti mawa, Mulungu akalola. Mawalo silinkafika.

Tsono adadi anakulira ku Kawale, kumene kulibe vuto lokana mphira ya chubu cha njinga. Mpopi ukadontha, mphira. Mpini ukasweka, mphira. Anali nayo ina imene anamangira katundu pobwera. Anadula kansonga ka mtengo wa tsache, n'kukasema ndi mpeni, n'kutsekera kapaipi kaja, kenako n'kukulungapo mphira mpaka misempha ya m'manja kutuluka. Ine ndinawagwirira mpando. Kudontha kunasiya pomwepo.

"Mwaona? Engineer wa ku Kawale ameneyu," anatero akutsika.

"Akulembeni ntchito kufakitale konko," amayi anawayankha, tonse n'kuseka.

Patatha milungu itatu, ine ndili kusukulu, paipi ya pansi pa giza inaphulika amayi akuchapa m'bafamo. Madzi owira ndi nthunzi zinawakhuthukira kuchokera pamwamba, iwo n'kuphimba nkhope ndi manja. Nkhope inapulumuka, koma manja ayi. Pobwera masana ndinapeza madzi mpaka pabalaza, nyumba ikununkha simenti yonyowa, adadi atagwada m'bafa akutola tizidutswa. Ndinawaona akulowetsa mphira ija m'thumba la buluku. Ndinaganiza kuti akusunga kuti idzagwirenso ntchito ina.

Nyengo yozizira yonseyo ndimaikumbukira m'khonde la chipatala. Manja a amayi anali okulungidwa ngati mitolo iwiri, ndipo ine ndinkawamwetsa tiyi ndi supuni. Atamasula mabandeji, zala zinali zitapindika n'kumatana. Dokotala anati zidzawongoka pokhapokha atachita maopaleshoni ena m'tsogolo, dzanja lililonse palokha. Amayi aja osapuma pakamwa anangoti zii. Makasitomala awo anabwera Lachisanu loyamba ndi lachiwiri ndi zipatso, kenako anapeza woluka wina.

Mnzawo wa adadi wa kutchalitchi anawapezera loya. Loyayo anati kachipangizo kamene kamayenera kuzimitsa giza madzi akatentha kwambiri kanali kakufa kuchokera kufakitale, ndipo lamulo limati wopanga chinthu chovulaza munthu alipire chipukuta misozi. Tsiku limenelo adadi anadya bwino kwa nthawi yoyamba. Anauza amayi kuti manja onse awiri adzawongoka.

Khoti linatumiza katswiri kudzaona giza. Anali bambo wodekha wa magalasi, ndipo anandipatsa switi. Adadi atalowa kuchipinda kukafufuza lisiti, iye anandifunsa m'Chingelezi ngati giza inkachita zachilendo isanaphulike. Ine Chingelezi ndinali nacho, ndipo ndinkakonda kuti anthu adziwe zimenezo.

"Inkadontha, koma adadi anakonza," ndinatero.

"Anakonza bwanji?"

Ndinafotokoza zonse, osasiya kanthu. Ndinathamangira kukhitchini n'kubwera ndi tsache kuti aone pamene panadulidwa. Ndinkafuna adziwe kuti adadi anga si munthu wongokhala manja lende. Iye anajambula tsachelo, n'kulemba m'kabuku kake. Nditacheuka, adadi anali ataima pakhomo ndi lisiti m'manja. Sanandikalipire. Mlendoyo atapita anangondifunsa ngati ndadya, kenako anakakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa.

Chigamulo chinabwera kutentha kukubwerera. Khoti linavomereza kuti kampani inagulitsa giza yolakwika. Koma linatinso kapaipi kodontha kaja sikanali kowonongeka: ndi pamene giza inkapumira mphamvu ikachuluka mkati, ndipo pepala la malangizo linaletsa kukatseka. Pepalalo tinali nalo, lili m'pulasitiki yake yosang'amba. Ndinamvetsera kuseri kwa chitseko adadi akufotokozera amayi.

"Akuti fault ndi fifty-fifty, mayi a Tadala. Compensation aidula pakati."

Amayi anayang'ana manja awo. "Khalas," anatero, ndiko kuti zatha. "Ndiye tisankhe dzanja."

Sanali kuseka. Kontilakiti ya adadi sinawonjezeredwe, poti anajomba masiku ambiri chifukwa cha chipatala ndi khoti, ndipo tinayenera kuchoka m'dzikomo. Maopaleshoni anakachitikira ku Joni, olipira, ndipo ndalama zinakwanira dzanja limodzi. Amayi anasankha lamanja. Lamanzere mpaka lero lili chopindika, ndipo amalibisa m'chitenje kukabwera alendo. Sanalukenso mutu wa munthu.

Zaka zonse za ubwana wanga ndinkakhulupirira kuti dzanja lamanzerelo ndinawononga ndine, ndi pakamwa panga. Ndinasiya kuyankha mafunso m'kalasi, aphunzitsi a ku Lilongwe n'kumati ndine mwana wamanyazi. Nditakula ndinamva kuti katswiriyo anali ataona kale kachidutswa ka mtengo m'kapaipimo asanandifunse n'komwe. Ndinamvetsanso kuti khoti silinatizonde: linayeza kulakwa kwa kampani, linayeza kwa adadi, n'kugawa monga lamulo likunenera. Ndikanakonda kuti kudziwa zimenezi kundipepuze mtima, koma sikunatero, chifukwa katundu amene ndinatula ndinangomuona ali pamutu pa adadi.

Chaka chatha, tikuchokera kumunda, ndinawauza adadi kuti ndinakhala nthawi yaitali ndikudziimba mlandu. Anaima pamsewu n'kundiyang'ana ngati ndawamenya.

"Iwenso?" anatero. "Ine ndinabisa mphira ija, ndinakhala chete zaka zonsezi, pofuna kuti iwe usadziwe kuti ndine ndinawononga manja a amayi ako."