Kalata Imene Ndinaiwerenga ku Mapemphero

Mlongo wanga wamng'ono anaphunzira za madzi mpaka kufika pa udokotala, osati wa kuchipatala koma wa m'mabuku. Atamaliza anabwera kudzakhala nafe ku Ndirande. M'mawa uliwonse ankatsikira ku mtsinje wa Nasolo ndi timabotolo, kutunga madzi mumtsinje ndi m'zitsime, n'kumalemba manambala m'makope. Ankafuna kudziwa chimene chinkatsegula ana m'mimba dzinja lililonse.

Kenako kunabwera kalata. Yunivesite ina ya kunja inamuitana kuti akachite kafukufuku zaka ziwiri, ndi zipangizo zoyezera zimene kuno kunalibe. Chinatsala ndi pasipoti, chilolezo cha boma chotulukira m'dziko. Anandipempha kuti ndisauze munthu kufikira atakwera ndege.

Koma kumpingo kwathu amayi tinkakumana Lachinayi lililonse, ndipo amene Mulungu wamuchitira chachikulu ankaimirira n'kuchitira umboni. Kubisa dalitso ndinkakuona ngati kuba ulemerero wa Ambuye. Ndinatulutsa kalatayo m'sutikesi mwake, ndinapita nayo, ndinaiwerenga ndi kuimasulira mzere ndi mzere, ndi dzina la dzikolo lomwe. Amayi anaimba nthungululu. Amene anatsogolera pemphero lothokoza anali mkazi wa tcheyamani wa chipani m'dera lathu.

Loweruka masana anafika anyamata asanu a chipani, a malaya ofiira. Za khadi la chipani sanafunse. Anafunsa mlongo wanga kuti kunjako amalemberana ndi ndani, popeza okhala kunja onse ankatchedwa zigawenga. Atagubuduza m'chipinda anapeza timabotolo tija ndi mapu a mtsinje, zitsime zitalembedwa mitanda yofiira. Anati akusankha zitsime zothiramo poizoni.

Iye anayamba kufotokoza mwaulemu, ngati ali m'kalasi. Mmodzi anamumenya pakamwa ndi mpini wa khasu, mano awiri anagwera pakhonde. Anamugwetsa chagada, wina anamukhalira pachifuwa n'kumutsina mphuno.

"Ngati si poizoni, imwani, adokotala."

Anamumwetsa botolo ndi botolo, madzi a Nasolo osakanikirana ndi magazi ake. Atasanza anamuponda zala ndi nsapato mpaka ndinamva kuthyoka. Ndinagwira mwendo wa wopondayo, mwana amene mayi ake ndinkakhala nawo benchi imodzi m'tchalitchi, ndipo anandikankha ndi phazi pachifuwa. Oyandikana nafe anatseka zitseko. Makope onse anyamata aja anawaunjika pabwalo n'kuwathira palafini, kalata ija pamwamba.

Mlongo wanga anakhala m'ndende miyezi inayi osazengedwa mlandu. Pasipoti sinabwerenso, ndipo malo aja anapatsidwa kwa wina. M'miyezi imeneyo ndinawerenga kambirimbiri za mfumu ija ya m'Malemba imene inaonetsa alendo chuma chonse cha m'nyumba yake, mneneri n'kuiuza kuti zonsezo zidzatengedwa. Ndinali nditaiphunzitsapo ana a Sande sukulu nkhani imeneyo, osaimva.

Tsiku limene anatuluka, zala ziwiri zitauma osapindika, ndinamugwadira pakhomo ndi kuulula kuti ndine ndinatulutsa nkhaniyo. Anali akudziwa kale.

"Dzukani, achemwali. Inu munkathokoza Mulungu."

Anandikhululukiradi, sindikayika. Anapeza ntchito yophunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Chilomoni, ndipo Lamlungu lililonse ankabwera kudzadya nafe, kuseka ndi ana anga. Koma za mumtima mwake sanandiuzenso. Ngakhale zoti wapeza mkazi womanga naye banja ndinamvera kwa ankhoswe.