Kamtengo ka Machesi ka Esinati

Mpaka lero ndikamva fungo la machesi ongozima kumene, ndimabwerera m'kalasi ya Fomu 3 kumapiri a Tsangano, mwezi wa Juni, nkhungu ikulowera pa mawindo opanda magalasi, ife titabisa manja m'khwapa. Inali nyengo yokumba mbatatesi. Tinkafika kusukulu zikhadabo zili bii ndi dothi, majuzi akununkha utsi, malole akulira kumsika. Ndi nyengo imeneyo imene tinataya mnzanga Esinati, ndipo anatitsanzika tonse tikumuyang'ana.

Aphunzitsi athu a Chingerezi, a Ngozo, anali bambo woonda wa jekete imodzi, wodana ndi mawu ochuluka. Teremu imeneyo ankatiphunzitsa nkhani zazifupi zedi, zoti nkukwana pachikhatho. Ankakuitana kutsogolo, nkuyatsa kamtengo ka machesi, nkukupatsa: uyambe nkhani, uimalize moto usanakufike pazala. Ee, tinapsa ife! Ine wolongololane ndinkapsa munthu wa m'nkhani yanga asanatuluke n'komwe m'nyumba. Ukamaliza, kalasi yonse inkaikumba nkhaniyo: phunziro lake nchiyani, chizindikiro chili pati, wofotokoza wabisa chiyani. A Ngozo ankati nkhani yabwino ili ngati mbatatesi, pamwamba masamba chabe, chakudya chili pansi.

Esinati ndinkakhala naye desiki imodzi, tikumagawana chimanga chokazinga chimene ankabisa m'thumba la siketi. Mutu unalipo pamenepo, ndipo ankalota zodzakhala namwino. Koma bambo ake atamwalira, pakhomo ankalamula amalume ake, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwamuna wina wogula mbatatesi, wa kutsidya kwa malire, ankaimika njinga yake yamoto pakhomopo kawirikawiri. Ife tinkangomuseka nazo, ati alamu athu afika. Iye ankaseka pang'ono, nkuwerama.

Lachisanu lina Esinati anadzuka yekha, osaitanidwa, nalandira kamtengo ka machesi. Nkhani yake anailankhula m'Chingerezi chake chosalala, koma ine ndimaikumbukira m'Chichewa: “Mtsikana wina anachapa yunifolomu yake Loweruka. Anaisita bwinobwino, naipinda. Lolemba anaivala mng'ono wake, siketi ikukhudza pansi.” Basi. Moto unamufika pazala, koma sanautaye msanga. Anaima pomwepo akutiyang'ana.

Ndiye ife anzeru tinayambapo. Wina anati phunziro lake ndi kukoma mtima. Wina anati umphawi. Ine ndinakweza dzanja monyada, nkunena kuti yunifolomuyo ndi chizindikiro cha ubwana umene ukutha. A Ngozo anaomba m'manja, nati nkhani ndi imeneyi, palibe liwu lotaya. Kenako anafunsa kalasi yonse, osati iye, “Nanga mtsikanayo wapita kuti?” Esinati anatsegula pakamwa. Belu linalira, tinathamangira kuminda.

Lolemba pa asembule ndinaona mng'ono wake wa Esinati, wa Fomu 1, atavala siketi yaitali, yopindidwa m'chiuno, thumba lake losokedwa ndi ulusi wofiira, lomwe lija la chimanga. A Ngozo nawo anaiona. Anasiya choko, nabwereka njinga kuthamangira kwawo kwa Esinati, koma anabwerera okha masana fumbi lili mbuu. Esinati anali atatengedwa kale Lamlungu ndi mwamuna wa mbatatesi uja. Kwathu kuja malire ndi msewu chabe, mbuzi zimaoloka tsiku lililonse, koma mwana akauoloka motero ndi kutali. A Ngozo sanayatsenso machesi m'kalasi mpaka tinalemba mayeso.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Esinati anachitsekula, pamaso pa anthu odzaza kalasi, m'njira yokhayo imene anaphunzitsidwa, ife nkumuombera m'manja. Zimandiwawa mpaka pano. Mwina sitikanawaletsa amalume ake, sindikudziwa, koma akanapita akudziwa kuti wina wamumva.

Lero nanenso ndimaphunzitsa Chingerezi, nkhani zazifupi zomwezo, ndipo ana anga amadziwa kukumba zizindikiro kuposa mmene ife tinkachitira. Koma mwana akawerenga nkhani yake nkutsalira chiimire, ndimadikira anzake atuluke, nkumufunsa m'Chichewa kuti kunyumba kuli bwanji. Funso laling'ono, lotha machesi asanazime. Esinati sindinamufunse, ndipo sindinamuonenso.