Makapisozi a Dzino Langa ndi Nkhuku za Apongozi

Dzino langa lakumapeto, lija limamera munthu atakula kale, linasankha kubwera mwezi wa ukwati wanga. Diresi inali itasokedwa, wojambula zithunzi atauzidwa kale, ndipo ine ndinkayenda chovinavina m'komboni monse mwathu mwa Chawama, kupereka moni ngakhale kwa anthu amene sitinkayankhulana. Basi dzino lija n'kumera chogona, kukankha anzake usana ndi usiku.

Ku chipatala chachikulu cha m'tauni analizula movutikira, mpaka kung'amba nkhama ndi kusoka. Dokotala wa mano anandipatsa makapisozi ofiira ndi achikasu. Anati bala la m'kamwa silichedwa kulowa tizilombo, ndipo mankhwalawo anali otchinga kuti lisachite mafinya.

"Mumwe yonse, olo muzimvela bwino," anatero. "Mukasiyila panjila, tsaya ingavimbe monga bola."

Zina zonse sindinazimve. Ndinangoona m'maganizo tsaya lotupa ngati mpira pa chithunzi cha ukwati, chopachikidwa pakhoma mpaka ndidzafe, adzukulu akuloza.

Zaka zimenezo za chipani chimodzi tinkaima pamzere kufuna sopo, shuga ndi mafuta ophikira amene tinkati saladi, ndipo mankhwala nawonso ankasowa. Kapisozi m'komboni anali ngati mchere, ukakhala naye ndi wa tonse. Wa chilonda ankamutsegula n'kuwaza ufa wake pabala, wotsegula m'mimba ankameza mmodzi n'kuyamika, ndipo nkhuku zikayamba kusinza ankamusungunula m'madzi awo akumwa. Munthu womaliza mankhwala ake yekha tinkamutcha waumbombo. Ine anga ndinawamanga pansonga ya chitenje, ndipo aneba akabwera kudzandizonda ndinkangoloza pakamwa ngati sindingathe kuyankhula.

Koma mbiri inakwera basi n'kukafika ku komboni ya Matero, kwa amayi a mnyamata wondikwatira. Iwo ndiwo ankaweta nkhuku zodzadya paukwati. Anatulukira masana ena ali wefuwefu. Amayi anga anawayalira mphasa, ine n'kugwada chapatali, maso pansi.

"Mwana wanga, namvela kuti bakupasa makapisozi," anatero apongozi. "Nkhuku za ukwati zayamba kusinza. Nipaseko yang'ono chabe, iwe naona wapola kudala."

Mwezi wonse alangizi anali atandiphunzitsa kuti apongozi sakanizidwa kanthu. Amayi anga ankandiyang'ana ndi maso akuti masula chitenjecho msanga. Ndinadziwa kuti ndikakana, dzina la umbombo lidzandiperekeza ku banja lija ndisanalowe n'komwe, mwinanso ukwati womwewo kugwedezeka. Komatu bala linali lidakali liwisi, ulusi ndikuumva ndi lilime.

"Amai, munikhululukile," ndinatero ndi theka la pakamwa. "Badokotala banakamba kuti nimwe yonse. Nikaleka, mwana wanu azakwatila mukazi wa tsaya imozi ikulu."

Amayi anga anatsokomola chifuwa chimene analibe. Apongozi anadzuka, n'kukutumula chitenje, n'kupita osalawa tiyi. Ndinalira, ndipo kulira ndi nkhama zosoka kumapweteka kawiri. Nthawi ya mankhwala itakwana ndinameza kapisozi wanga, misozi ili mbwembwembwe, amayi akukalipa kukhitchini kuti ndawachititsa manyazi.

Tsaya linaphwa bwinobwino, osatuluka mafinya, thupi osatentha. M'mawa uliwonse ndinkathamangira pagalasi, kutembenuka uku ndi uku, n'kudumpha ndekha. Chimwemwe changa chinabwerera, kungoti ku Matero kunali zii. Mnyamata wanga anangondiuza kuti nkhuku zimene zinali zisanadwale zaphedwa msanga, zakazingidwa, zikusungidwa mufiriji ya m'bale wawo. Za amayi ake anati, "Tizaona pa siku," akuseka, ine ndikufuna kumutsina.

Tsiku linafika. Magalimoto akuimba mabelu, ana akuthamangira m'fumbi, akwaya atayamba kale, ine ndili pakhomo la tchalitchi mano onse pamtunda, kupatula lozulidwa lija. Kenaka ndinawaona apongozi akupatula amayi anzawo, kulunjika kwa ine. Anakweza velo, anandigwira chibwano, n'kutembenuzira nkhope yanga kumanja, kenaka kumanzere, anthu onse akuyang'ana.

Nthungululu imene apongoziwo anaimba sindinaimvenso kwina kulikonse. Amayi onse anailandira, ine n'kuyamba kuseka ndi kulira pamodzi, paudala yense kuwonongeka. Apongozi anatembenukira achibale awo, dzanja langa ali nalo chigwirire.

"Imwe mumvele," anatero mokweza. "Nikakalamba, nikadwala, munipeleke kuli uyu. Uyu sazapasa muntu mankhwala yanga, olo nimupemphe ine mwine!"

Anawaperekadi kwa ine atakalamba, ndipo m'nyumba mwanga ndimo anathera masiku awo.