Nambala ya pa Injini ya a Tembo

Ntchito ya ku galaja ndinaipeza chifukwa cha lole imene inafera pa Mkanda. Nthawi imeneyo ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo chigayo chikavuta ankaitananso ine. Dalaivala wa loleyo anali atalimbana nayo theka la tsiku. Ine ndinangochotsa mpweya m'mapaipi a dizilo, loleyo inalira. Iyeyo ndi amene anakandinenera kwa a Mbewe, eni galaja ina pafupi ndi boda ya Mchinji. Munali m'chaka chotsatira chisankho cha zipani zambiri, fodya atandikana kawiri, mkazi wanga ali woyembekezera. Atandiitanitsa, ndinanyamuka tsiku lomwelo.

Pa galajapo tinkangokhalira kunsi kwa malole: mabuleki, masipuling'i, kilatchi, mawa chimodzimodzi. Madalaivala akachedwetsedwa ndi mapepala pa boda, ukali wonse unkathera pa ife. A Mbewe ankandikonda pa chinthu chimodzi, ukhondo. "Chitsulo chochoka m'manja mwa a Levi mungadyerepo," ankatero, ine n'kumadzimva. Ukhondo womwewo ndi umene unandigwetsa.

Mwezi wa Ogasiti thirakitala inakoka galimoto kuchokera ku Kapondo. Inali ya ku Amereka, ya zitseko ziwiri, boneti yaitali ngati bedi. Eni ake, a Tembo, anali bambo okalamba amene anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Zambia. Anaigula kwa bwana wawo pamene ankabwerera kwawo, ndipo chooneka chimene anafika nacho kumudzi chinali chomwechi. Mafuta atawakanika anaiimika m'chigafa cha fodya, mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Tsopano madalaivala anali atafalitsa mbiri yake, ndipo mzungu wina wa ku Joni, wosonkhanitsa magalimoto akale, anatumiza uthenga kuti adzaigula akaipeza ikulira.

"Ine ndikufuna malata basi," anatero a Tembo. "Mayi akunyumba atopa n'kusuntha mphasa mvula ikamagwa."

Injini yotero ndinali ndisanaionepo: masilinda eyiti, anayi mbali iyi anayi mbali iyo, kabuleta yake kukula ngati poto. Masipanala athu a mamilimita ankaterera pa mabawuti ake, mpaka tinakabwereka a mainchesi ku Chipata. Injiniyo inali itauma gwa. Ndinachotsa mapulagi, kuthira dizilo m'mabowomo, kudikira sabata, kenako kumaigwedeza ndi chitsulo chachitali pang'onopang'ono mpaka inavomera kuzungulira. Tinaitulutsa ndi cheni buloko. Mahedi, zivundikiro za masilinda, ndinawasalaza pa galasi lokhuthala lomatapo sandipepa, monga timachitira kuno kopanda makina. Maring'i ndi magasiketi akuluakulu anabwera ndi dalaivala wina kuchokera ku Joni, ang'onoang'ono ndinadula ndekha pa pepala lolimba, ndikugogoda ndi hamala. Masabata asanu, msana kuuma, zala zonse zilonda.

Kutsogolo kwa buloko, thunthu la injiniyo, kunali kamalo kathyathyathya, kotalika ngati chala, kodzaza dzimbiri. Nditapala ndi bulashi ya waya ndinaona tizilembo tokhomedwa, tosaoneka bwino. M'maganizo mwanga nambala ya injini inali ina yaikulu yotukuka imene inali kumbuyo, ndipo tizilemboti ndinangoti n'ta amakaniko akale. Ndinatenga giraindala, makina opalira zitsulo. Mphindi ziwiri zokha, pamalopo panawala ngati supuni. Ndinapakapo penti yofiira n'kumwetulira ndekha.

Tsiku limene mzunguyo anafika tinailiza m'mawa. Malata a galaja ananjenjemera, osintha ndalama anasiya makasitomala awo kuthamangira kudzaona. A Tembo, atavala jekete yawo ya ku tchalitchi, anachita kugwira pakamwa. Ine kutopa konse kunachoka.

Mzunguyo za kulirako analibe nazo ntchito. Anapempha buku la galimotoyo, anatulutsa katochi, n'kuwerama pamalo pomwe paja. Anapala penti ndi kampeni, n'kusisita ndi chala. Anawerama nthawi yaitali.

Kenako anayankhula m'Chingerezi, a Mbewe akutanthauzira, mawu awo akunka nachepa. Akuti injini za mtundu uwu fakitale inapanga zochepa, ndipo zambiri zinathera m'mipikisano kalekale. Chimene anayendera ulendo wonsewu inali nambala yokhomedwa pamalopo, yosonyeza kuti injiniyi ndi yomwe inatuluka limodzi ndi galimotoyi. Popanda iyo palibe angakhulupirire. Ejenti wa mapepala amene anabwera naye anawonjezera kuti: "Ndiponso pa geti la bodapa siingadutse. Injini yofufutidwa nambala a kasitomu amaitenga ngati yakuba."

"Yakuba?" anafunsa a Tembo. "Zaka zonse zija ndili pansi pa nthaka, lero ndakhala wakuba?"

A Mbewe anandiponyera diso. Ndinaona kuti akufuna kunamizira dzimbiri, ndiye ndinawadula. "Ndine ndinapala, bambo. Ndimafuna paoneke bwino."

A Tembo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anavula jekete ija, kuipinda bwinobwino, n'kukhala pa tayala. "Dzimbiri linaisiya nambalayo zaka zonsezi," anatero. "Inu mwaimaliza tsiku limodzi."

A Mbewe anawanong'oneza kuti tikhoza kukhoma nambala ina ndi mapanchi, kutengera m'bukumo. A Tembo anapukusa mutu. "Ndiye ndikhaledi wakubayo?" Dzuwa lisanafike pamutu mzunguyo anali atabwerera ku Chipata. Ntchito sanandichotse, koma nthabwala ija ya kudyera pa chitsulo inathera pomwepo. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo mpaka lero sanandichoke.

Mu Januwale ndinapalasa njinga kupita ku Kapondo, nditamanga pulasitiki yofolera pa kaliyala. Mvula inandipeza m'njira. Nditafika m'nyumba munalibe munthu, mabeseni okhaokha pansi akulandira madontho. Ndinawapeza kuseri, m'chigafa chogwa mbali imodzi, a Tembo ndi akazi awo atakhala m'galimoto muja, imene inali itabwezedwa pamalo pake. Anatsitsa galasi pang'ono.

"Lowani kumbuyoko, a Levi," anatero. "Muno simudontha."

Ndakhala pa ntchito imeneyi mpaka imvi zabwera. Injini iliyonse ikafika, ndisanagwire giraindala ndimaika pepala pa chilembo chilichonse chimene ndaona, kupakapo pensulo, n'kufunsa mwini wake ngati akudziwa ntchito yake. Chimene sindikuchidziwa ndimachisiya ndi dzimbiri lake. Anzanga amati ndimachedwa, ine ndimangowasiya. Iwo sanakhalepo pa mpando wakumbuyo uja, n'kumamvera mvula ikugunda denga.